Chitenje Changa Chinadulitsa Mwendo wa Mkamwini Wanga

Inu owerenga, ine sukulu sindinapondeko, ndiye amene akundilemberayu alembe momwe ndikunenera, asandikonze. Kuno ku Ngala amandidziwa ndi pakamwa. Ndikaitana nkhuku, asodzi ali pakati pa nyanja amacheuka. Koma tsiku limodzi limene ndinayenera kukuwa ndinatseka pakamwa, ndipo lero mkamwini wanga, a Faisoni, akuyendera ndodo chifukwa cha ine.

Zinali zaka zija zipani zitangochuluka. A Faisoni, amuna a mwana wanga Esinala, anali kapitawo m'minda ya nzimbe ku Dwangwa, ndipo anagula mthuthuthu wofiira kwa mnzawo. Ine ndinali ndi chinthu pamtima: manda a mayi anga ku Linga, pa Boma. Achimwene ankafuna kumanga chiliza mvula isanagwe, koma wodziwa pamene mayi anagona ndinatsala ndekha. Basi inalipo, matola analipo. Koma ine ayi, ndinkafuna mthuthuthu, chifukwa ndinkafuna njira yakale ya m'mbali mwa nyanja, imene tinayenda pansi ndi mayi posamukira kuno ndili kamtsikana. Ndinkafuna ndikaonenso mkuyu waukulu uja, tchalitchi chimene anandibatiziramo, ndi padooko pamene agogo ankati anthu ankawakweza m'zombo atawamanga m'khosi.

Mwana wa eni uja, a Faisoni, anaukonza ulendowo masabata atatu. Anasankha Okutobala, mwezi wa tchuthi chawo, poti mitsinje yaphwa. Anafunsa oyendetsa ngolo kuti timilatho tamatabwa tili bwanji, nkujambula njira yonse kuseri kwa kalendala, poyima kumwa madzi apa, pothira petulo apa. Pampu, zigamba, chigubu, zonse anasonkhanitsa. Koma mwambo wathu mukuudziwa, ine ndi iwo sitiyang'anana m'maso. Iwo ankakhala kuseri kwa nkhokwe, ine pakhonde, Esinala ndi pathupi pake nkumayenda pakati kunyamula mawu.

"Amayi, akuti muvale thalauza mkati mwa chitenje."

"Chiyani? Bwereza!"

"Akuti pano boma linaloleza. Ndiye akuti mukhale chotangadza, muwagwire m'chiuno."

"Mayo ine! Boma likaloleza ndiye manyazi athera pomwepo? Ine wovala yunifolomu ya amayi kutchalitchi? Ndigwire chiuno cha apongozi? Chiuno chomwe umagwira iwecho?"

Kuseri kwa nkhokwe kuja kunamveka timawu tawo ta pansipansi: "Auzeni amayi, ngati zili choncho bola akwere basi, ine ndiwaperekeza."

Apa ndi pamene ndinayamba kulakwa. Ndinanyamula ndowa, ulendo wa kumjigo, nkukaima pakati pa azimayi. "Mwamva anzanga? Akamwini a masiku ano demokalase yawalowa m'mutu! Akukana kunyamula apongozi awo, akuti ndine katundu wolemera!" Dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utamva. Munthu wofatsa angatani? Anagonja. Anangotumiza mawu amodzi: "Chikavuta chilichonse, andimenye paphewa kawiri, ndiyima." Ndinati eya. Koma mumtima ndinadziwa kuti dzanja langa silidzakhudza phewa limenelo.

Tinanyamuka m'mawa kukadali kozizira. Ndinakhala chammbali ngati pa njinga yakapalasa, miyendo yonse mbali imodzi. Dzanja ili lagwira chitsulo cha kumbuyo, ili lakumbatira dengu la mpunga ndi usipa wa achimwene. Pakati pa ine ndi msana wawo ndinasiya mpata woti nkhuku nkukhalapo. Zitenje ndinavala ziwiri, chapamwamba chatsopano, chachitali mpaka kukakolo.

Pa tala tinayenda bwino. Titaoloka mlatho wa Bua tinakhotera kunjira yakale ija. Dzuwa linali litakwera, lija loswa mtengo. Mchenga, mabampu, du du du, dengu likundimenya pachibwano. Mfundo ya chitenje m'chiuno ndinaimva ikumasuka pang'onopang'ono.

Ndinayang'ana pansi. Nsonga ya chitenje inali italendewera, ikuvina pafupi ndi tayala. Kenako inayamba kukhudza masipoko. Pha. Pha. Pha.

Inu owerenga, ndimvereni bwino pamenepa. Sizinachitike mwadzidzidzi ayi. Ndinaiona. Kuti ndiikoke, ndisiye dengu ligwe. Kuti ndisiye chitsulo, ndiye ndigwire munthuyo. Ndinayesa kuipana ndi chala cha kumwendo, inapulumuka. Ndinati, "Apongozi." Mawu ake ngati a mwana wodwala malungo. Iwo ali ndi chipewa chija chotseka makutu, injini ikulira, akanamva bwanji? Phewa lili apa, pafupi ngati mphuno yanga, malaya atanyowa thukuta. Ndinakweza zala ziwiri padengu, nkuzibwezanso.

Ndinati akafika pa mtengo wa mango uwo ayima, paja anajambula pomwera madzi. Tinaudutsa. Ndinati pa mgwalangwa uwo. Tinaudutsa. Pha-pha-pha, tsopano mofulumira, chifukwa njira inayamba kutsetsereka kulowera ku kamlatho ka matabwa. Ndinayamba Atate Wathu. Mawu opempherera ndinali nawo, koma ouza munthu kuti imani ndinalibe!

Kenako chinachake chinandikoka m'chiuno ngati ng'ona. Kwee! Tayala linauma. Ndinaona thambo, ndinaona mchenga, mpunga uli waa m'mwamba.

Ine ndinagwera pamchenga wofewa, ndinangosupuka chigongono. Iwo anapita nawo mthuthuthu kunsi kwa kamlatho, pamiyala ya mtsinje wouma. Nditatsetserekera kumeneko ndinapeza chitsulo chonse chawagonera pamwendo, paipi yotentha ikuwotcha mnofu, fungo lake ndimalimvabe. Fupa linali panja, loyera. Mukudziwa chimene ananena? "Amayi, mwavulala?"

Mphamvu sindidziwa kumene zinachokera. Ndinaukankha mthuthuthu uja mpaka unagubuduka. Magazi ankatuluka ngati pampopi. Ndinavula chitenje chotsalacho, nkuching'amba ndi mano, nkumanga pantchafu. Ndinatsala ndi petikoti yekha pamaso pa apongozi, ine yemwe uja. Ndinawagwira m'chiuno, m'khwapa, paliponse, kuwakokera pamthunzi.

Pamenepo ndiye ndinakuwa. "Anthuni! Kuno! Ndapha mwana wa eni!" Koma njira ndinasankha ndekha, yakale, yopanda galimoto. Amene anandiyankha ndi anyani. Kuwasiya ndithamange, ndinaopa kuwapeza atauma. Kukhala, magazi akupitirira. Milomo yawo inayamba kutuwa, ntchentche zikubwera, iwo nkumanong'ona, "Esinala asamve msanga, ali ndi pakati." Ndinakuwa mpaka mawu anasasa, dzuwa lili paliwombo. Mwamwayi azimayi awiri ochokera kokazula chinangwa anandimva. "Mayi, mwatani? Zovala zili kuti?" Mmodzi anandiponyera nsalu yake, wina anathamangira ngolo kumudzi.

Ng'ombe sizidziwa kuti munthu akufa. Zinayenda mwa ng'ombe mpaka ku tala, mutu wa a Faisoni uli pamiyendo panga, ine ndikuwakupiza ndi chivundikiro cha dengu. Pa talapo tinapeza galimoto, nkufika kuchipatala dzuwa litapendeka. Madokotala anayesetsa sabata yathunthu, koma bala linali litadya mchenga ndi moto. Anadula pansi pa bondo.

Kapitawo ndi miyendo. Ntchito inatha. Mwana anabadwa bambo ake akuphunzira kuyendera ndodo. Kumanda sindinafikeko chaka chimenecho, ndipo achimwene anatisiya chiliza chisanamangidwe. Lero a Faisoni amasoka maukonde a anthu pansi pa mtengo kugombe. Wina akawafunsa amangoti, "Mchenga unandinyenga, ndinali wosazolowera." Iwo ndi amene anaona nsalu itakulungika mu tcheni, koma sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi. Bola akanandinyoza, mwina ndikanapepukidwa.

Ndiye azimayi anzanga, ulemu ndi wabwino, ine sindikunyoza mwambo. Koma amene akuyendetsa akakuuzani kavalidwe ndi kakhalidwe, mverani, kaya ndi mkamwini kaya ndi mdzukulu, chitsulocho akuchidziwa ndi iyeyo. Mukaona kuti simungathe, kwerani basi, musamukakamize munthu pomuchititsa manyazi pagulu. Pindani chitenje, muchipane m'miyendo. Ndipo mukaona choopsa, menyani phewalo, mudzapepesa mutatsika.

Esinala mpaka lero amakhulupirira kuti unali mchenga. Amawanena amuna ake akakwiya, amvekere, "Munkathamangiranji ndi amayi kumbuyo?" Iwo amangoweramitsa mutu, ine ndili pomwepo, ndikusankha mpunga. Esinala mwana wanga, wina akakuwerengera izi, usawafunsenso amuna akowo. Sanathamange. Nsonga ija ndinaiona tisanafike n'komwe pa mtengo wa mango. Bwera udzandifunse ine.