Nsapato Zoyera ku Misasa ya ku Thambani

Tinalipo ine, amayi a kunyumba kwanga, mwana wanga woyamba amene amagwira ntchito ku Blantyre, mkazi wake amene ndi apongozi anga, ndi mlamu wanga wogontha khutu limodzi. Unali msonkhano wa misasa wa mpingo wathu, kufupi ndi Thambani. Ife tinamanga msasa wa udzu monga mwa masiku onse. Mwana wangayo anabwera ndi tenti ya zipi n'kuikhoma pambali pathu, akuti kwa iye ndi holide.

Ine sukulu ndinalekezera pa kulemba dzina, koma maso ndili nawo. Tsiku loyamba, kusanache bwino, ndinamva zipi ikutseguka. Kusuzumira pa udzu, ndinaona mwana wanga, munthu wamkulu, wa ana ake, wavala kabudula ndi nsapato zoyera, waliyatsa liwiro kulowera kuminda ya manachesi. Galu womupirikitsa panalibe. Anabwerako dzuwa litatuluka, thukuta lili kamukamu, akumwetulira yekha.

"Unali kuti iwe?"

"Kothamanga, bambo. Majowajowa chabe."

"Ukuthamangira chiyani?"

"Palibe."

Palibe! Kwathu kuno mwamuna wothamanga m'bandakucha ndiye kuti waba, kapena pali nyumba ya mkazi imene akufuna afikeko anthu asanadzuke. Mwana wanga si wakuba. Ndipo ine sindiiwala: ali mnyamata anali ndi chibwenzi mbali yomweyo, mayi amene banja lake linatha, pano amagulitsa manachesi pamsika. Onjezani kuti chimimba chimene mwana wanga anali nacho chinali chitaphwa, thobwa la amayi ake akukana, tiyi akumwa wopanda shuga ngati mkaidi. Munthu akamakana chakudya cha kwawo, akudya kwina.

Ndinawauza amayiwa. Iwo anati, "Musiyeni mwana, inu. Komanso tsitsani mawu, misasa ilibe zitseko."

"Ine ndikunong'ona!"

Mlamu wogontha uja anayankhira kumsasa kwake kuti wamva zonse.

Masana ndinatenga nsapato zoyerazo pamene anaziyanika n'kuzikwirira m'thumba la makala. Ndinati tione. M'mawa mwake zipi inaliranso. Uyo, kabudula yemwe uja, koma kumapazi wavala nsapato zakuda za kutchalitchi, zikulira khwa khwa pamiyala. Apa mtima unandiwawa. Ndi majowajowa anji amene munthu angaonongere nsapato za suti?

Tsiku linalo ndinapangana ndi bambo wina wakabaza kuti timutsatire chapatali.

"Madala, tikusaka ndani, mbava?"

"Palasa iwe, sindinakwere pakamwa pako."

"Komatu olemera ndinu, si mwana wanuyo."

Tinadutsa minda, tinatsika chigwa. Mwana uja atafika pa kamlatho ka mitengo, anagunda mtengo ndi dzanja n'kutembenuka. Anatipeza tili pakati pa njira, wakabaza akupuma ngati ng'ombe. Anangoti, "Mwadzuka bwanji, bambo," n'kupitirira. Wakabaza anaseka mpaka kugwetsa njinga. Ine sindinaseke. Nyumba ya mayi uja ili kutsidya kwa mlatho womwewo. Ndinati anationa, n'chifukwa chake wabwerera.

Ine ndakhala mkulu wa mpingo kuyambira tsitsi lili lakuda, ndipo banja la mwana wanga ndinalidalitsa ndekha. Sindikanalola lithe ndili chete. Madzulo ake abambo tinakhala patokha pansi pa mtengo, nkhani yake ya mabanja. Ndinaimirira n'kupempha kuti timupempherere mwana wanga, pakuti mapazi ake akumbukira njira yakale ya kutsidya. Mayi wa manachesi ndinamutchula, chifukwa pemphero losalunjika n'kutaya nthawi. Azimayi anali ndi msonkhano wawo patali ndithu. Akuti onse anatembenuka. Kaya ndi mphepo inatenga mawu, ine sindikudziwa.

Apongozi anga ananyamuka pakati pa anzawo, n'kukalowa mu tenti, zipi n'kutseka. Madzi anga osamba, amene ankanditenthetsera tsiku lililonse, tsiku limenelo sanabwere. Amayi a kunyumba sanandilankhule. Mlamu yekha ndiye ankafunsa aliyense kuti, "Wati chiyani?" pamene wamva bwinobwino.

Zimene mwana wanga anandiuza pambuyo pake, ena amati zinandichititsa manyazi. Ayi. Pepala la dokotala mpaka lero sindinalione, ndipo ngakhale atandionetsa, ndingadziwe bwanji zolembedwapo? Chomwe ndikudziwa n'chakuti anandikokera kuseri kwa msasa, maso ali psuu, n'kulankhula motsitsa ngati kuti iye ndiye bambo.

"Bambo, ndili ndi matenda a shuga. Adokotala anati ndizithamanga tsiku lililonse. Inu sindinakuuzeni chifukwa Mwanza yense akanadziwa tsiku lomwelo. Mkazi wanga za shuga amadziwa, koma za mayi wa manachesi wazimva lero, kwa inu. Ndiye pitani pa tentipo mukakonze nokha, ndi mawu anu akuluwo. Ndipo nsapato zanga muzichotse m'makalamo, muzichape."