Mayi Wailesi ndi Chipinda cha Pakona

Pa hosteli ya atsikana ya yunivesite ina panali matironi amene ophunzira onse ankawatchula kuti Mayi Wailesi. Dzinalo ankalidziwa ndipo sankadana nalo. Ankangotsutsa mfundo imodzi, yoti wailesi imatha mabatire. Ntchito anayamba ali mtsikana, akukolopa m'makhonde. Kenaka anawasamutsira kochapira zofunda, kumene anaphunzira kuti wochapa mashiti a anthu safunika kufunsa mafunso ambiri. Pomwe ankapatsidwa makiyi a hosteli yonse n'kuti akudziwa amene walephera mayeso, amene wasiyidwa ndi chibwenzi, ndi amene amabisa mbaula yamagetsi pansi pa bedi. Zonsezi ankazigawa pakhonde kwa aliyense wodutsa. Amuna awo, oyendetsa basi ya yunivesiteyo, anali munthu wosayankhulayankhula. Ena amati anabadwa choncho, koma abale awo amanenetsa kuti asanakwatire ankayankhula.

Pali anthu amene amati miseche yonse ndi yoipa. Amenewo sanabedwepo chidebe pa hosteli. Chifukwa cha pakamwa pa mayiwa, zidebe zinkabwerera kwa eni ake, ndipo mtsikana wogona ndi njala ankangoona anzake akumuitanira chakudya, osadziwa kuti wamuulula ndani.

Chaka china, sukulu itangotsegulidwa, mlangizi wa ophunzira anawaitana. Ofesi yake ndi imene inkathandiza ophunzira odwala matenda a m'maganizo, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo.

“Mayi, ndikutumizirani mtsikana wa chaka choyamba. Mumupatse chipinda cha pakona chija, azikhala yekha.”

“Cha pakona? Chimenecho n'cha a chaka chomaliza. Akudwala chiyani mwanayo?”

“Zimenezo n'za iye ndi dokotala wake.”

“Ayi, ine ndimangofuna kudziwa kuti ndizimusamala bwino.”

“Mukamupatsa kiyi ndiye kuti mwamusamala. Ndipo asamve munthu kuti nkhaniyi yachokera mu ofesi muno.”

Mayi Wailesi anatuluka ngati munthu amene wamwetsedwa madzi n'kuuzidwa kuti asameze komanso asalavule. Komabe anali munthu wachilungamo. Kiyi anapereka, pakamwa anatseka. Sanauze ngakhale amuna awo, amene kuwauza chinthu kunali ngati kuchiponya m'chitsime.

Cholakwa chawo chinali pomwepo. Akuluakulu amati chetechete sautsa nyama, koma sanakumane ndi mayiwa. Atsikana atafunsa kuti wa chaka choyamba wapeza bwanji chipinda chayekha, iwo anayankha kuti, “Sindikudziwa.” Mawu amenewa anali asanamvekepo pakamwa pawo chiyambire ntchito. Hosteli yonse inadzidzimuka. Ena anati mtsikanayo ndi mwana wa munthu wamkulu, ena anati ndi chibwenzi cha mphunzitsi. Kenaka wina ananong'ona kuti anamuona akutuluka kukhonde la ofesi ya mlangizi. Mtsikana wina wa chaka chomaliza, wophunzira zamalamulo, amene anzake ankamutcha Loya ndipo anali atadikira chipindacho kuyambira tsiku limene anafika, analengeza kuti nkhaniyi aifunsa pa msonkhano wa hosteli Loweruka.

Masana ena mwini chipindacho anagogoda pa kaofesi ka matironi, kamene kanalinso kosungiramo zokolopera ndi mababu akupsa. Anali mtsikana woonda, woyankhula motsitsa mawu, wophunzira zomangamanga.

“Amayi, ndabwera kudzapempha kuti muyambe kundinena.”

“Ndikunene? Ine?”

“Mumanena aliyense. Ine ndekha mwandisiya, ndiye anthu akuona.”

Mayi Wailesi anakhala pa chidebe chovundikira. Pa moyo wawo wonse anadzudzulidwapo zambiri, koma aka kanali koyamba kudzudzulidwa chifukwa chokhala chete.

“Kusekondale nditadwala zinamveka,” anapitiriza mtsikanayo. “Ankanditi wamisala. Ndikayankha funso m'kalasi ankayang'anana, ngakhale ndikhoze. Ndinakhala kunyumba chaka chathunthu. Panopa ndikumwa mankhwala ndipo ndili bwino, bola ndizigona mokwanira pamalo opanda phokoso. Koma zikamveka kunonso, ndilongedza. Sikuti ndikukuopsezani, ndikungofuna mudziwe kuti kiyi mudzamupeza pansi pa chitseko.”

“Sulongedza kanthu iwe. Tseka chitsekocho tikambirane.”

Apa ndiye mayiwa anafika pa ntchito imene ankaidziwa. Anafotokoza kuti nkhani yoti igwire iyenera kukhala yochititsa manyazi pang'ono, chifukwa yopanda manyazi anthu saikhulupirira, koma iyeneranso kukhala yotopetsa msanga. Zoti mtsikanayo ndi mdzukulu wawo anazikana okha, poti zikanawachotsetsa ntchito. Zokodza pogona mtsikanayo anazikana mayiwa asanamalize n'komwe kuzitchula.

“Nanga mkonono?”

“Ine sindiliza mkonono, amayi.”

“Ukudziwa bwanji? Umakhala uli mtulo. Ubwino wake ndi umenewo mwanawe: mwini wake sangavomere, sangakanenso.”

Mtsikanayo anaganiza, kenaka anafunsa kuti mkononowo ukhale waukulu bwanji.

“Zimenezo undisiyire ine.”

Tsiku lomwelo Mayi Wailesi anapita kochapira, anasankha mtsikana mmodzi amene ankamudziwa bwino, n'kumunong'oneza za mkononowo, kenaka n'kumuuza kuti asauze munthu aliyense. Pofika Loweruka, nkhani inali itakula yokha. Zinkamveka kuti kusukulu kumene mtsikanayo anachokera, mlonda anathawapo usiku poganiza kuti kwabwera chilombo. Mayiwa atamva za mlondayo anasilira, poti sanali iwo amene anamupeka.

Pa msonkhano, Loya anaimirira atapinda manja kumbuyo monga anaonera aphunzitsi ake.

“Mayi, tamva za mkonono. Ife tikufuna umboni.”

“Ine ndimagona chipinda choyandikana naye,” anatero wina kumbuyo, “koma sindinamvepo kanthu.”

“Khoma limenelo ndi la konkire,” anayankha Mayi Wailesi, “ndipo uzithokoza amene analimanga.”

“Komabe,” anatero Loya, “ena akuti anamuona ku ofesi ya mlangizi. Tiuzeni ngati pali zina.”

 Mayi Wailesi anatsegula pakamwa, ndipo kachiwiri m'chaka chimodzi munalibe kanthu. Amene anaimirira anali mwini nkhani.

“Asisi, ku ofesiko ndinapitadi. Munthu wathawidwa ndi anzake ogona nawo akadandaule kuti, kwa okonza mipope? Koma poti mukufuna umboni, bwerani ndi matiresi anu lero. Tizigona limodzi mpaka mayeso athe. Ine sindivutika, ovutika amakhala enawo.”

Loya anali ndi mayeso omaliza kutsogolo kwake. Anaiunika nkhaniyo mwa malamulo ndipo anaichotsa m'bwalo. Msonkhano unapitirira ndi madandaulo a madzi otentha.

Mlangizi atamva anawaitananso mayiwa.

“Mwini wake wavomereza zimenezi?”

“Ndiye anayambitsa. Ine ndinangothandiza pa luso.”

“Chabwino. Ine sindinamve kanthu.”

“Mwayamba kufanana ndi amuna anga,” anatero mayiwa.

Wina anganene kuti bodza ndi bodza, ndipo kuti zikanakhala bwino mtsikanayo akanatha kutchula matenda ake poyera ngati mmene munthu amatchulira mphumu. Ine ndikuvomereza, ndipo ndingatsutsane ndi aliyense wokana zimenezo. Koma hosteli imeneyo inali isanafike pamenepo, ndipo si udindo wa mwana wa chaka choyamba kuifikitsapo ndi mbiri yake. Iye anasankha mtolo umene akanatha kusenza. Anzake anamupatsa dzina loti Jenereta, ndipo ankayankha. Paulendo wa kalasi, anzake ankalimbirana mipando yakutali ndi iye m'basi, ndiye ankakhala motakasuka. Nthawi zina matenda ankamuvuta, osatuluka m'chipinda kwa masiku angapo. Mayi Wailesi ankamusiyira chakudya pakhomo n'kulengeza pakhonde kuti Jenereta ali ku sevisi. Chipinda sanachisiye mpaka anamaliza maphunziro.

Tsiku lochoka anabweretsa kiyi pamanja, osati pansi pa chitseko.

“Amayi, zaka zonsezi simunandifunsepo. Kodi ndikuuzeni dzina la matenda anga?”

Mayi Wailesi anamuyang'ana. Chinali chinthu chokhacho pa hosteli yonse chimene sankachidziwa, ndipo chinkawayabwa ngati nsabwe ya m'chovala. Makutu anali atatseguka kale.

“Ndi dzina lalitali?”

“Lalitali ndithu.”

Mayiwa anapukusa mutu.

“Usandiuze mwanawe. Ndimadzidziwa ine.”

Analandira kiyi n'kumupachika pa msomali wake. Kenaka anatuluka pakhonde kukauza odutsa kuti Jenereta wapita, malata apumeko.