Tsiku limene foni inada pamanda

Lachiwiri lapitali tinaika m'manda a Ngozo, mnzanga wa zaka zoposa makumi atatu, kumudzi kwathu kuno kufupi ndi Kasinje. Ndinapita kumaliroko ndi ntchito imodzi yokha, ndipo ndinailephera. Mpaka lero sindikumvetsa bwinobwino chimene chinachitika. Ndati ndikuyalireni nkhaniyi, mwina wina mwa inu andithandiza kuganiza.

A Ngozo anabadwira ku Tsangano, kumapiri kozizira kumene amalima kachewere. Ukwati ndi umene unawatsitsira kuchigwa kuno kudzalima mpunga, ndipo kutentha kwa kuno sanakuzolowere mpaka imfa. Akamapukuta thukuta ankaloza mapiri aja ooneka patali n'kunena kuti, "Kwathu uko panopa anthu avala majuzi." N'chifukwa chake ankakonda kwambiri salimo lija la munthu wokweza maso ake kumapiri, wofunsa kumene thandizo lake lichokere.

Kutatsala milungu itatu kuti atisiye, ndinakawazonda. Anandigwira dzanja nati, "A Mbewe, tsiku langa likadzafika abusa adzalalikire zawo. Koma salimo langa mudzawerenge ndinu, pamanda penipeni, bokosi lisanatsike. Musadzapatse wina."

Ndinavomera osaganiza kawiri. Chovuta n'chiyani pa ndime zisanu ndi zitatu? Ndakhala ndikuwerenga Mawu m'tchalitchi kuyambira tsitsi langa lili lakuda.

Apa ndiulule kaye chinthu chimodzi. Zaka ziwiri zapitazo mwana wanga wamkazi anandiikira Baibulo m'foni. Ndinakondwa kwambiri, chifukwa maso anga atopa, ndipo m'fonimo ukakoka ndi zala ziwiri zilembo zimakula n'kukhala ngati nyemba. Pang'ono ndi pang'ono buku langa lachikuto chakuda linayamba kutsala pakhomo. Magalasi nawo anayamba kutsala. Munthu unyamuliranji zinthu zitatu pamene chimodzi chikukwanira m'thumba la malaya?

Mwana woyamba wa a Ngozo, Limbani, ali ku Joni. Chaka chino n'chachisanu ndi chinayi asanapondeko kumudzi, ndipo mapepala ake sali bwino, moti akanati abwere sakanabwererako. M'mawa wa tsiku la maliro mayi ake anandipempha kuti, "A Mbewe, foni yanu ndi imene imagwira bwino netiweki. Muimbireni mwanayu pa vidiyo, aone nawo bambo ake akupita."

Ndiye kuyambira cha m'ma teni koloko, mwambo utayamba pasiwa, ine dzanja linali m'mwamba ngati wonyamula mbendera. Limbani anaona bokosi likutuluka m'nyumba. Anaona amayi a chigwirizano akuimba. Anamva ulaliki wonse, ndipo abusa athu salalikira mwachidule. Nthawi yonseyo foni inali padzuwa, dzuwa la Okutobala la kuchigwa kuno, limene limakuotcha ngati uli nalo mlandu.

Tinafika kumanda cha m'ma wani koloko. Manda athu akale ali m'mitengo, koma malo anatha, ndiye a Ngozo anawakumbira kunja, pamtetete popanda ngakhale chitsamba. Adzukulu anaika bokosi pamitanda. Abusa anapemphera, kenako anandiyang'ana n'kugwedeza mutu.

Ndinauza Limbani kuti, "Usadule mwanawe, uzingomvera. Ndikutsegula Baibulo."

Ndinatsitsa dzanja, n'kuyang'ana pagalasi la foni. Panalibe kanthu. Ndinangoona nkhope yanga yomwe, ya thukuta, ndi mtambo kumbuyo kwake.

Foniyo siinathime ayi. Mawu a Limbani akusisima ankamveka ndithu. Koma galasi linali litada, ndipo foni yonse inkatentha ngati simbi. Ndinaiphimba ndi chipewa. Ndinatembenuka kuti dzuwa likhale kumsana. Ndinailowetsa m'kati mwa jekete n'kulowetsanso mutu, mkulu wa mpingo wathunthu, pamaso pa khamu lonse lija. Zilembo zinkangooneka mwa apo ndi apo ngati matemba pansi pa madzi amatope.

Abusa anandipatsira kabuku kawo ka m'thumba, katatsegulidwa kale pamalo pake. Ndinapapasa m'thumba kufuna magalasi. Anali pawindo kunyumba. Zilembo za m'kabukumo zinali ngati nyerere zobalalika.

Ndinati palibe kanthu, ndilinena pamtima. Salimo limeneli ndaliwerenga kangati? Ndinayamba bwino. Ndinanena za kukweza maso kumapiri. Ndinanena kuti thandizo lichokera kwa Iye amene analenga kumwamba ndi dziko lapansi. Kenako m'mutu munangoti zii.

Abale anga, kulibe chete wolemera ngati wa pamanda. Ndinamva mbuzi ikulira kutali. Ndinamva khanda likuyamwa. Ndime yachitatu yokha ndiyo sindinaimve paliponse m'kati mwanga.

Abusa anali atatambasula kale dzanja kuti atenge kabuku kawo awerenge okha, pamene mawu ena anamveka kuchokera pamulu wa dothi.

Anali a Nyoni, mkulu wa adzukulu. Kwa amene simukuwadziwa, a Nyoni anadulidwa mumpingo zaka zambiri zapitazo atatenga mkazi wachiwiri. Pamsonkhano wa akulu a mpingo umene unagamula zimenezo, limodzi mwa manja amene anakwezedwa linali langa. Kuchokera nthawi imeneyo moni wathu wakhala wa patali. Anaima pamenepo opanda nsapato, buluku litapindidwa mpaka m'mawondo, dothi lofiira mpaka m'zikope, atatsamira fosholo.

Anangoyambira pamene ine ndinalekezera, osakweza mawu, ngati munthu amene akuuza mnzake njira. Ananena za phazi limene silidzaterereka, ndi za Mlonda amene saodzera. Atafika pamene salimo limati Ambuye ndiwo mthunzi wako, ndipo dzuwa silidzakupweteka usana, mayi a Limbani anasiya kulira n'kudzutsa mutu. Ine ndinali chiimire, foni yotentha m'manja. A Nyoni anamaliza ndi za kutuluka ndi kulowa kwa munthu kumene Mulungu amakusunga. Anthu anati ameni. Iwo anatembenukira anzawo nati, "Gwirani zingwe."

Bokosi linatsika.

Pobwerera kumudzi ndinawapeza akusamba m'manja pamjigo. Ndinati, "A Nyoni, zikomo. Mwandichotsa manyazi."

"Ukaipa dziwa nyimbo, a Mbewe," anatero akuseka pang'ono. "Munandiletsa mgonero, koma salimo munaiwala kundilanda."

"Koma munaliloweza liti?"

"Sindinaloweze. Munda wanga wa mpunga ndi wa malemuwa ndi yogundana. Dzuwa likafika pamutu ankaimika khasu n'kulinena mokweza, tsiku ndi tsiku, zaka zonsezi. Ngakhale mbalame zodya mpunga zija zikulidziwa."

Ine ndinkadziona ngati mnzawo wa a Ngozo woposa onse, koma sindinkadziwa kuti ankachita zimenezi kumunda, kapena kuti munthu amene ine ndinkamulambalala iwo ankagawana naye madzi akumwa masana alionse.

Lachinayi ndinali ndi ulendo wa ku Nsipe, ndiye ndinapatukira kwa bambo wina wokonza mafoni m'mbali mwa msewu. Ndinaika foni patebulo pake n'kunena kuti yawonongeka. Anaitembenuza, anaidina apa ndi apo, nandibwezera.

"Ilibe vuto iyi, madala."

"Ilibe vuto bwanji? Inada masana dzuwa likuswa mtengo."

"N'chifukwa chake inada. Munaiika padzuwa nthawi yaitali?"

"Maola atatu. Pa vidiyo."

Anagwira pakamwa. "Ndiye muziyamika kuti siinathimiretu. Imeneyi ikatentha kwambiri imachepetsa yokha kuwala kwa sikirini kuti za m'katimu zisapse. Ngakhale mukweze kuwala mpaka kumapeto, imakana. Kuonjezera apo, kuwala kwake n'kochepa poyerekeza ndi dzuwa. Muyatse tochi masana muone ngati muiona."

"Ndiye mankhwala ake n'chiyani?"

"Mthunzi basi. Muiike pozizira, muisiye ipume, ibwerera yokha. Imadziteteza, madala. Ndi yochenjera kuposa eni akefe."

Ndinakwera minibasi mawu amenewo akundizungulira m'mutu. Imadziteteza. Ndiye kuti pa ola limene ndinkaifuna kuposa ola lina lililonse, iyo inasankha kudzipulumutsa. Ndinakumbuka za m'busa waganyu uja, amene amathawa akaona chilombo chifukwa nkhosa si zake. Koma nditaganizanso ndinaona kuti ndikuinamizira. Amene anaiotcha maola atatu ndani? Amene anasiya buku ndi magalasi pakhomo ndani?

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti moyo wanga wonse ndaphunzitsidwa kuopa mdima. Timapempherera kuwala. Timaimba za kuwala. Kale tikamawerenga, mdani wathu anali kutha kwa mafuta m'koloboyi. Sindinaganizepo kuti tsiku lina chondilepheretsa kuwerenga Mawu chidzakhala kuchuluka kwa kuwala. Chinthu chimene chimawala bwino m'chipinda, m'tchalitchi, pansi pa mtengo, chikafika pamtetete n'kuda. Kodi chimenechi ndi foni yokha?

Taonani m'matchalitchi mwathu masiku ano. Mlaliki akatchula ndime, kale kunkamveka mapepala kuti pherepethe pherepethe. Lero mitu imangowerama, zala n'kumasesereka pagalasi. Akwaya ena nyimbo akuimbira pafoni. Ana a Sande sukulu ukawafunsa ndime yoloweza amati dikirani tiione. Ine amene ndikulemba zino nambala ya mkazi wanga sindiidziwa pamtima. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Fodya sindikoka, koma Lachiwiri ndinazindikira kuti salimo langa linali pachala.

Komatu musaganize kuti ndikunena kuti titaye mafoni. Apa ndi pamene nkhaniyi ikundikanika kumanga mfundo. Popanda foni yomweyo, Limbani sakanaona nkhope ya bambo ake komaliza. Popanda foni yomweyo, maso angawa akanasiya kuwerenga Mawu zaka ziwiri zapitazo. Chinthu chimodzi chomwecho chinatumikira mwana wamasiye m'mawa n'kundichititsa manyazi masana, ndipo chinalephera chachiwiricho chifukwa chotopa ndi choyambacho. Ndichidzudzule kapena ndichithokoze?

Za a Nyoni nazo sindikudziwa pomwe ndiziike. Sindikunena kuti chigamulo chija chinali cholakwika. Lamulo la mpingo ndi lamulo, ndipo mkazi wachiwiri akadali pakhomo pawo. Koma Mawu anakhala mwa munthu amene tinamutulutsa panja, n'kuthawa mwa ine amene ndimakhala pabenchi lakutsogolo. Ndafufuza m'maganizo mwanga ndime yoti indimasulire zimenezi. Zimene ndikuzipeza zonse sizikundikomera.

Ndiye pali lonjezo lija. A Ngozo anati ndisadzapatse wina. Kodi ndinapatsa wina, kapena linachita kutengedwa m'manja mwanga? Salimo linamveka lonse bokosi lisanatsike, monga anafunira. Koma pa ndime zisanu ndi zitatu, zanga zinali ziwiri.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa zonsezi. Lachitatu m'mawa Limbani anandiimbira. Nthawi ya salimo ija iye sankaona kanthu, ankangomva mawu okha, odukaduka chifukwa cha mphepo. Anati, "Bambo Mbewe, zikomo kwambiri. Mmene munawerengera muja, makamaka kumapeto kuja, ndinangomva ngati ndi bambo anga akulankhula. Mwasunga mawu awo."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Tithokoze Mulungu, mwanawe."

Sindinaname, koma sindinanenenso zoona. Ndinachepetsa kuwala kuti ndisapse. Ndinadziteteza.

Kuyambira tsiku limenelo ndatsitsa buku lachikuto chakuda lija, ndipo magalasi ndawamangirira chingwe m'khosi. Masana alionse ndikumakhala pakhonde, foni nditaivundikira, kuyesa kulinena salimo lija pamtima. Ndafika ndime yachisanu. Mkazi wanga akuti ndikumasemphanitsa yachitatu ndi yachinayi, ndipo akuti ngati ndikufuna mphunzitsi wabwino njira ya kumunda kwa a Nyoni ndikuidziwa. Sindinapitebe. Ndikapita ndikayambe ndi mawu ati?

Koma choyamba ndi ichi. Limbani, ndikudziwa kuti umawerenga ndemanga zangazi pafoni yako ku Joniko. Ngati uli padzuwa, sunthira pamthunzi kuti uone bwino. Mawu aja unawamva ngati a bambo ako sanali anga. Anali a a Nyoni, amene anawakumbira manda, ndipo anafanana ndi a bambo ako chifukwa anawatenga pakamwa pawo penipeni. Uwaimbire, uwathokoze. Foni alibe, ndiye udzaimbire pa yanga. Ndidzawapititsira ndekha.