Diresi la Khirisimasi lomwe sindinavale

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene amayi anga, omwe anali namwino, anawasamutsa kuchoka ku Ntcheu kupita ku Mzimba Boma. Chaka chomwecho anandigulira nsalu ya maluwa achikasu kuti telala andisokere diresi la Khirisimasi. Inkakhala m'sutikesi, ndipo ndinkatsegula mobisa kuti ndingoinunkhiza. Pokhala mwana wobwera, wosamva Chitumbuka, ndinkakhulupirira kuti diresilo ndi lomwe lidzandipezere anzanga ku Sande sukulu.

Pamsika pankagona bambo wina wozungulira mutu, wovala masaka. Ana tinkamutcha Chamasaka. Ankabwera kwathu kudzapempha madzi, ndipo amayi, ndi yunifolomu yawo yoyera mbee, ankagwada pomupatsa kapu. Iye ankalandira ndi manja awiri n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, mama." Ine zinkandinyansa, moti kapuyo ndinkaikwecha ndi phulusa.

Mvula itayamba, bamboyo anadwala chibayo n'kumwalirira kuchipatala. Wachibale sanaoneke, ndipo akuchipatala anati maliro akaika akaidi. Masana a tsikulo amayi anatulukira kunyumba atanyowa, nalunjika pasutikesi paja.

"Amayi, imeneyo ndi yanga!"

"Ndikudziwa, mwanawe. Koma a Tembo sangapite kwa Mwini wawo m'masaka."

Ndinafunsa kuti a Tembo ndani. Sindinkadziwa kuti Chamasaka ali ndi dzina, kaya kuti pali munthu amene anavutikapo kumufunsa. Ndinalira, ndinadzigwetsa pansi, ndinawauza kuti atenge chitenje chawo chakale.

"Zakutha avala moyo wawo wonse," anatero amayi akupinda nsaluyo. "Ndipo kwa Mulungu sindidzapita ndi yunifolomuyi ayi. Ine ndi iwo tidzaima pamzere umodzi."

Anatengana ndi anyaShaba, mayi woyandikana nafe nyumba, pamodzi ndi mkulu wa mpingo mmodzi. Pochokera kumanda anyaShaba anandipeza pakhonde maso ali psuu. "Leka kulira, ndapota," anatero akundisisita mutu. "Munthu yula wagona makora, wagona bwino ndithu. Ngakhale akaidi anayimba nawo nyimbo, mbwenu tonse misozi."

Sizinandikhudze. Pa Khirisimasi ndinavala diresi lakale lomasula mpendero, ndipo ndinatha sabata ndikuyankha amayi ndi mapewa okha. Iwo sanandikalipire, sanapepesenso. Ankangong'ung'udza nyimbo yawo akusita yunifolomu ndi simbi yamakala.

Amayi anatisiya zaka zapitazo. Pamaliro awo panali khamu, nkhata zosawerengeka, amvano atandanda mumsewu, anthu akulimbirana kulankhula. Koma bokosi likutsika ndinaona kuti dzenje lawo silinali lotakasuka kuposa la munthu wina aliyense, ndipo dothi lake linali lomweli timapondali. Pamenepo m'pamene ndinamva zomwe ankanena masana aja. Ulemu wa munthu sachita kuugwirira ntchito; amabadwa nawo, chifukwa anamuumba ndi Mulungu, ndipo amene wadziwa zimenezi savutika kugwada.

Ndimawasowa amayi anga. Ndimalakalaka atangotulukiranso pakhomo, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Nkhani ya nsalu ija sitinaikambenso mpaka anapita, ndipo mwina ankaganiza kuti ndinakula nayo kukhosi. Ndikanawagwira dzanja n'kuwauza kuti ndinawakhululukira kalekale, ndiponso kuti panalibe choti ndiwakhululukire.