Chilomwe cha Mayi Malita

Pa esiteti ya tiyi imene Mayi Malita anakalambirapo, anthu ankaopa pakamwa pawo kuposa kapitawo. Manja awo ankathyola masamba mwaukatswiri, koma munthu akangogunda dengu lawo, ankamutukwana mpaka agogo ake amene sanawaonepo.

Tsiku lina abusa analalikira za lilime, nanena kuti pakamwa poimbira Mulungu Lamulungu sipayenera kulavula moto Lolemba. Mayi Malita analira, naimirira pamaso pa mpingo kulonjeza kuti kutukwana asiya. Ndipo anasiyadi, koma m'Chichewa mokha. Mkwiyo ukawafika pakhosi, ankamwetulira bwinobwino, kenako n'kuutulutsa chapansipansi m'Chilomwe cha makolo awo. Ankadzinamiza kuti poti ana a masiku ano sachimva, ndiye kuti sichipweteka munthu. Mwina ankaganiza kuti kumwambanso sichimveka.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Isake, anapeza mbeta ku Blantyre, dzina lake Stella. Ankhoswe anali atakambirana kale, koma mayi a mtsikanayo anati abwere okha adzaone banja limene mwana wawo akulowamo. Mayi Malita anakondwa kwambiri, poti mnyamatayo anali atachedwa pa umbeta.

Kutatsala tsiku limodzi, Mayi Malita anapita kumsika wa kwa Nkando kukagula zolandirira mlendo. Pokwera minibasi, mayi wina wovala zam'tauni anaponda jumbo lawo, tomato n'kuphwanyika.

"Pepani mayi, sindinaone," anatero mayiyo.

"Palibe kanthu, zimachitika," anayankha Mayi Malita akumwetulira. Kenako anayang'ana pawindo n'kuyamba Chilomwe chawo chija. Anatukwana nsapato, anatukwana mwendo, anatukwananso mayi amene anabereka chitsiru chotere. Mayi wam'tauni uja anangoyang'ana kutsogolo.

M'mawa mwake Isake analowa pabwalo atanyamula chikwama cha mlendo. Mayi Malita anakweza maso kuti aone mlendoyo. Anali mayi wa mu minibasi uja.

"Moseliwa, asewere," mlendoyo anawalonjera m'Chilomwe chosalala, cha munthu woyamwira.

Manyazi anawagwira Mayi Malita moti analakalaka nthaka itang'ambika. Isake, wosadziwa kanthu, anapita kukagwira nkhuku, ndipo awiriwo anatsala okha pamkeka.

"Kwathu n'ku Muloza," anatero mlendoyo mosakweza mawu. "Mayi anga amene munawatchula aja tawaika m'manda chaka chomwe chino. Dzulo ndinafuna kuyankha, koma ndinapempha Mulungu andigwire pakamwa, ndipo anandigwira. Ana athuwa sindiwauza."

Mayi Malita anagwada, misozi ili chuchuchu, nayamba kupepesa.

"Za ine ndakhululuka, dzukani. Chimene chandisowetsa tulo n'china. Stella wanga Chilomwe sachimva. Akadzapsereza ndiwo pakhomo pano, inu n'kumumwetulira, adzadziwa bwanji chimene mukunena? Ndiyankheni chimenecho, ukwati tikambe pambuyo."

Kuseri kwa nyumba Isake ankathamangitsa nkhuku uku akuimba. Mayi Malita anatsegula pakamwa, koma m'zilankhulo zawo ziwiri zija sanapezemo mawu ngakhale amodzi.