A Lazalo ndi balani la akalulu

A Lazalo moyo wawo wonse udathera pamoto. Ankawotcha fodya m'mabalani pa pulazi ina kuseri kwa Banket, pomwe bambo awo adafikira atachoka ku Dedza. Mzungu mwini pulaziyo atapita komboni idabalalika, akazi awo adamwalira, mkuluyo n'kutsala ndi chifuwa chosatha ndi manja ouma gwa. Mwana wawo Esinati adawatengera kulokeshoni, n'kuwapatsa kachipinda kakumbuyo.

Mwamuna wa Esinati, Nobert, si munthu woipa, koma pakamwa pake mpouma. Kachipindako ankafuna kuikamo loja wolipira lendi, ndipo sankabisa ayi.

"Baba, muno m'tauni aliyense amabweretsa kanthu pakhomo. Ngakhale galu uyu amauwa."

Ndiye a Lazalo adapempha akalulu awiri kwa a Ayub, mnzawo wakupulazi yemwe tsopano amagulitsa pamsika. Khola adalimanga pakati pa chimbudzi ndi mpanda, poti malo ena padalibe. M'mawa ankatsata msewu wa ku Chinhoyi kuzula chisoso, pobwerera n'kutola masamba a kabichi otayidwa kumsika. Akalulu adaswana. Lamlungu m'nyumba munkanunkhira nyama. Akalulu ena a Ayub ankabwera ndi mpeni kudzachinja okha n'kukagulitsa kwa Asilamu anzawo. Za loja zija Nobert adayamba waleka, ankangoyamwa fupa.

Chisanu cha mu Juni chidapha tiana tonse ta kalulu mmodzi, tija tobadwa topanda ubweya. A Lazalo adatinyamula m'manja tili zii, n'kungoti, "Mphepo iyi." Iwo mdani yemwe ankamudziwa ndi mphepo basi. Ikalowa m'balani fodya amaonongeka, kapitawo n'kukutukwana mpaka amako. Choncho adamata khola lonse ndi dothi, pamwamba malata akale, m'mbali pulasitiki yakuda. Adasiya tizenera tiwiri, kena pansi kena pamwamba, totsegula ndi kutseka. Balani lenileni. Tiana totsatira tidakula tonse.

A Ayub adalizungulira kholalo akupukusa mutu.

"Achimwene, awa ndi akalulu, si fodya. Mukufuna atulukemo achikasu?"

"Inu dziwani za mpeni wanuwo," adatero a Lazalo akutsokomola. "Za kutentha mundisiyire ine."

Adaletsanso a pakhomo onse kugwira kholalo.

Mu Okutobala dzuwa likuswa mutu, kudabwera uthenga woti a Bauleni, omwe ankasinthana nawo pamoto zaka zonse zija, amwalira ku Glendale. Maliro a mnzako wakumudzi sungajombe. A Lazalo adadzuka m'mamawa kukadali kamphepo, adaika madzi ndi masamba, kenako dzanja lidachita zomwe lidazolowera. Munthu sachoka pa balani tizenera tili pululu. Adatseka tonse tiwiri n'kukakwera kombi, minibasi yopita kumaliroko.

Esinati adaswera kusiteji ndi tomato wake, Nobert ku Chinhoyi. Kholalo palibe adaliyandikira, si adaletsedwa?

A Lazalo adabwerako mawa lake masana. Fungo lidawachingamira pageti. Atatsegula, ntchentche zidawamenya kumaso. Akalulu onse adali lambalamba, mimba zitatupa, ena mphuno zili pamng'alu wa chitseko pomwe ankafunafuna mpweya. Sadalire mkuluyo. Adabwereka khasu, adakumba pafupi ndi mpanda, n'kumawaika mmodzimmodzi ngati akuyala fodya.

Nobert sadakalipe. Bola akadakalipa. Adaima pakhomo manja m'thumba.

"Baba, pali aphunzitsi ena akufuna chipinda mwezi ukatha."

Esinati adali kukhitchini. Adamva, poti mbale zidasiya kulira, koma sadatuluke.

A Ayub adabwera ndi kalulu wina wamkazi m'katoni kuti ayambirenso. A Lazalo sadasuzumiremo n'komwe.

"Bwererani naye, achimwene. Ine manja angawa amangodziwa kuumitsa."

Aphunzitsi aja atalowa m'kachipinda, a Lazalo mpaka Khirisimasi adagona kukhitchini, mphasa yoyala anthu akatha kudya. Fodya atayamba kuthyoledwa, mlimi wina watsopano kunjira ya ku Raffingora ankafuna munthu wodziwa moto. A Lazalo adapita ndi bulangeti lawo ndi chifuwa chawo chija. Kumeneko amagona m'shedi pambali pa nkhuni. Yemwe adawaona akuti atha, malaya akungolendewera.

Khola lija lilipobe. Aphunzitsi amasungamo makala, ndipo amaliyamikira kwambiri. Akuti ngakhale mvula igwe bwanji, simulowa kanthu.