Beseni la Madzi Kumbuyo kwa Pikapu

Ndikatsinzina ndimaonabe madzi a m'beseni la amayi akunjenjemera, ine nditakhala pakona yakumanja kumbuyo kwa pikapu, ndipo pansi pa galimotoyo pakungotulukira mapazi a bambo otuwa ndi fumbi. Chinali chilimwe, chimanga titatonola kale, mphepo ikubwera ndi fungo la tchire lopsa. Anzanga ankasewera phada pansi pa mlambe, koma ine ndinali pantchito. Mpaka lero ndikamva fungo la girisi ndimakhala ngati wina andifunsa kuti madzi apendekera kuti.

Bambo anali mkamwini kwathu ku Chigaru, kufupi ndi Lirangwe, koma ankagwira ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka. Ankabwera Loweruka n'kubwerera Lamulungu. Atapeza pikapu yakale ija anapita nayo kwa amalume, alongo awo a amayi, amene anali eni mbumba, kukapempha chitengwa kuti atitenge tonse tikakhale ku Chileka. Amalume sanakane, sanavomerenso. Anazungulira galimotoyo manja ali kumbuyo, ndipo kunena zoona inali yopendekera kumanzere ngati munthu wonyamula ndowa kudzanja limodzi. Kenako anati, "Alamu, mlongo wanga ndi ana akwere chopendama chimenechi? Chiyambe chaima bwino, tikambirana." Onse amene analipo anaseka, kupatula bambo.

Loweruka lotsatira ntchito inayamba. Masipuling'i akumanzere anali atatopa, chitsulo chimodzi chitathyokeratu, ndipo atsopano a mtundu umenewo anali atasowa kalekale ngakhale ku Limbe. Bambo anaganiza zopanga okha zokwezera. Anasema timatabwa ta mlombwa, nadula zidutswa za tayala lakale, kuti azilowetse pakati pa masipuling'i ndi chitsulo chogwira matayala. Mabawuti aatali omangira anakapinditsa kwa owotcherera ku Lirangwe, khadi lachipani lili m'thumba la malaya, chifukwa masiku amenewo pamsika sunkangolowa chilowelowe. Choyezera analibe, ndiye anabwereka beseni la amayi, nalemba mzere ndi khala mkati mwake, nathiramo madzi mpaka pamzerepo. Beseni linkakhala pakati, ine pakona yanga, popeza ndinali mwana woyamba ndipo ankati maso anga ndi akuthwa. Akatsitsa jeke ankafuula kuti, "Nanga pano, mayi?" ine n'kuyankha kumene madzi athawira.

Madziwo anandizunguza mutu. Lero athawira kumanzere, bambo awonjezera thabwa, mawa lake athawira kumanja. Tsiku lina anaima ndendende pamzere, tinasangalala, bambo anandinyamula m'mwamba manja ali girisi yekhayekha. Titatuluka kukayesa kumsewu waukulu, anyamata ogulitsa malambe anayamba kuloza ndi kuseka: galimoto inali itapendekera kumanja. Bwalo lathu linali lotsetserekera kudambo, ndipo tonse tinkalisesa ndi kulipondaponda osadziwa. Kuyambira pamenepo tinkakayezera pasimenti ya sitolo ina yotsekedwa pa Lirangwe, anthu atatizungulira, aliyense ndi nzeru zake.

Koma amene anandisokoneza kwambiri anali akuluakulu. Amayi tsiku lina ankabweretsera bambo thobwa pansi pa galimoto n'kukhala pamwala kumawayang'ana mwachifundo, tsiku lina ankalanda beseni mwaukali ati akufuna kutsukiramo mbale, chonsecho mbale zili zoyera. Azakhali, akazi awo a amalume, ankati munthu wanzeru amamva pamene wakanizidwa. Amalume ankadutsa, kuwerama, kufunsa mmene ntchito ikuyendera, mwinanso kugwirako sipanala. Ndinkadzifunsa kuti ngati sakufuna tipite, akuthandiziranji? Ine za mbumba sindinkazidziwa. Ndinkangofuna kukaona ndege ili pansi, chifukwa zonse zimene ndinkazidziwa zinali zam'mwamba, zazing'ono ngati akakowa.

Mitambo itayamba kusonkhana, galimoto inaima bwino. Inaima pasimenti, inaimanso pamsewu, madzi ali phee pamzere. Amalume anaizungulira monga poyamba, anaikankha, anasuzumira pansi. Mawu aja anali atawalankhula pagulu, ndipo sakanawameza. Anati mlongo wawo apite, alamu agwira ntchito yachimuna. Atatero anandiyang'ana ine, nati mudzi sungatsale wopanda mbewu yake, mwana wamkulu atsale kuno kwawo. Palibe amene anadabwa. Amayi anagwetsa nkhope, bambo anapukuta manja pansanza mobwerezabwereza ngakhale anali atasamba kale. Wodabwa ndinali ine ndekha, ndipo ndinaganiza kuti mwina ndayeza molakwika penapake.

Anapakira m'mawa: mphasa, mbaula, nkhuku ziwiri zomanga miyendo, ang'ono anga, ndi beseni lomwe lija mzere wa khala usanafufutike. Sindinalire mpaka galimoto itafika pamlambe. Pamenepo ndinaona, kapena ndimakhulupirira kuti ndinaona, kuti yapendekeranso pang'ono kumanzere. Chilimwe chonse bambo anaiyeza ine ndili pakona yakumanja, ndipo tsiku limenelo pakonapo panalibe munthu.

Ndinakulira kwa azakhali, ndipo sananditenge moipa. Ku Chileka ndinkapita patchuthi ngati mlendo, ndege ndinaziona zili pansi, sizinandisangalatse monga ndinkayembekezera. Masiku ano achinyamata amakwatirana n'kusamuka osapempha kwa munthu, galimoto ikapendama amapita nayo kugalaja, ndipo sindinganene kuti ataya kanthu. Chimene sindinachimvetse mpaka tsitsi lachita imvi n'chakuti bambo ankadziwa kapena ayi, pamene ankandiitana kuti "mayi" ali pansi pa galimoto, kuti ndikuthandiza kukonza ulendo umene sindidzaukwera. Sindinawafunse ali moyo. Amayi ndinawafunsa kamodzi za kupendekera kuja, iwo anati galimoto inali yowongoka bwinobwino, ndimalota. Patapita kanthawi anawonjezera kuti njira yonse mpaka ku Chileka bambo ankangoima n'kutsika kukayang'ana kumbuyo.